Likoma: cisumbu ca Malawi m'madzi a Mozambique

Zisumbu za Likoma ndi Chizumulu ndi za dziko la Malawi, koma zili mkati mwa madzi a dziko la Mozambique. Munthu woima pa gombe la kum'mawa kwa Likoma amaona bwino lomwe mudzi wa Cobué ku Mozambique, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 7. Kuti afike ku Nkhata Bay, doko la m'dziko lake lomwe, ayenera kuyenda makilomita ngati 70 pa sitima ya pamadzi.

Kukula kwa Likoma ndi masikweya kilomita 18 cabe, ndipo Chizumulu ndi cocepa koposa. Kalembera wa caka ca 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 pa zisumbu ziwirizi, ciwerengero cimene sicifika ndi pang'ono pomwe pa anthu a m'komboni imodzi ya mu Lusaka monga Kanyama kapena Chawama. Nthaka yake ndi ya miyala ndi mcenga. Milambe ndi mango zimakula bwino, cinangwa cimalolako, koma cakudya cokwanira anthu onse, nkhuni ndi milimo yomangira nyumba zakhala zikucokera kutsidya, ku Mozambique. Pamene atsamunda anadula malire, anasiya cisumbu m'manja mwa boma lakutali ndi kupereka mtunda umene umacidyetsa kwa boma lina. Nkhani zonse za ulamuliro, za malonda ozembetsa ndi za citetezo pa Likoma zinayambira pamenepo.

Amishoni anatsogola, boma linatsatira

Azungu oyamba kukhazikika pa Likoma sanali a boma. Anali amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la Universities' Mission to Central Africa, kapena kuti UMCA, limene linayambika potsatira pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857. Ulendo wawo woyamba, wa ku Magomero mu 1861, unatha ndi maliro: Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu 1862, ndipo otsala anasamukira ku Zanzibar. Anabwerera ku nyanja patapita zaka makumi awiri, pamene William Percival Johnson ndi Charles Janson anafika pa gombe la kum'mawa atayenda pansi kucokera ku nyanja ya mcere. Janson anamwalira mu 1882, atangofika kumene.

Gombe limene Johnson anapeza linali la mantha. Angoni a kumpoto, amene anthu a kunyanja ankawachula kuti Magwangwara, ankatsika m'mapiri kudzafunkha midzi. Kum'mwera kunali mafumu a Ciyao ogulitsa akapolo. Anyanja ena anathawira m'mabango, ena anamanga nyumba pa mitengo yozika m'madzi, ena anaolokera pa zisumbu. Angoni sanali anthu a mabwato, conco madzi anali linga lokwanira. Amishoni anaona cimodzimodzi. Mu 1885, atalandira cilolezo kwa mfumu Chiteji ya kumtunda, anakhazikitsa likulu lawo pa Likoma, ndipo m'caka comweco anaika pamadzi sitima yawo yoyamba, imene anaicha Charles Janson.

Kukhalapo kwa amishoniwa ndiko kunapatsa Britain cisumbuci. Dziko la Portugal linkati dera lonse la nyanja ndi lake kuyambira kale. Mu January 1890 boma la Britain linalamula Apwitikizi kuti acotse asilikali awo m'dera la mtsinje wa Shire, ndipo Apwitikizi anagonja mokwiya. Pangano la pa 11 June 1891 linapereka gombe la kum'mawa kwa Portugal, koma linachula Likoma ndi Chizumulu ndi maina, kunena kuti zikhala za Britain. M'caka comweco dzikolo linakhala pansi pa citetezo ca Britain, Harry Johnston ali mtsogoleri wake. Mu 1893 linachedwa British Central Africa, ndipo mu 1907 linakhala Nyasaland.

Njira yotereyi yopotoza malire pofuna kusunga cisumbu inacitikanso ku Zambia. Pangano la 1894 pakati pa Britain ndi boma la Mfumu Leopold ku Congo linakhotetsa mzere wa pa nyanja ya Mweru mwadala, kuti cisumbu ca Kilwa cigwere m'manja mwa Britain.

Pa pepala Likoma anali pansi pa bwanamkubwa wa ku Zomba. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, mphamvu inali ndi amishoni pamodzi ndi mafumu. Sukulu, cipatala, nyumba yosindikizira mabuku, malo ophunzitsira ukalipentala ndi umisiri wa sitima, zonse zinali za mishoni. Makalata ndi katundu zinkabwera pa sitima ya mishoni. Chauncy Maples, amene anatsogolera nchitoyi pa cisumbu, ankamva milandu ndipo analimbana ndi mwambo wotentha anthu oganiziridwa ufiti pa malo ochedwa Chipyela. Pa malo omwewo ndi pamene panamangidwa chalichi cacikulu ca St Peter, cimene mwala wake woyamba unaikidwa mu 1903 ndipo cinapatulidwa mu 1911. Maples sanacione. Anamira m'nyanja mu 1895, akubwerera kucokera ku England kumene anali atangodzozedwa ubishopu. Sitima yaikulu ya mishoni imene inayamba nchito mu 1901 inatenga dzina lake.

Kwa boma losowa ndalama monga la Nyasaland, makonzedwe amenewa anali opepuka: mbendera inali ya Britain, koma zolipira zinali za mpingo. Zotsatira zake zinafika mpaka ku Zambia. Bishopu John Edward Hine, amene anatumikirapo pa Likoma, ndiye anakhala bishopu woyamba wa Anglican ku Northern Rhodesia mu 1910. Wansembe wa Cicewa Leonard Kamungu anatumidwa kukatsegula mishoni ya Msoro, kumadzulo kwa Chipata, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Popeza cisumbu sicikanatha kulemba nchito onse ophunzira, amuna ambiri a ku Likoma anapita kukakhala akalaliki, aphunzitsi ndi amisiri ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku South Africa.

Malonda a usiku

Atsamunda asanafike, malonda aakulu a pa nyanja anali a minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo ankacitika poyera. Jumbe wa ku Nkhotakota anali ndi zombo za matanga zimene zinkaolotsa anthu kupita ku gombe la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wa pansi wopita ku Kilwa wa ku nyanja ya mcere. Ambiri mwa akapolowo ankagwidwa kutali ndi nyanja, kuphatikizapo m'cigwa ca Luangwa ndi m'madera ena amene lero ndi Zambia. Zombo zikamabwerera zinkanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi onga.

Msonkhano wa ku Brussels mu 1890 unaletsa kugulitsa akapolo ndipo unaika malamulo okhwima pa mfuti ndi onga. Boma la Johnston linayambanso kulipiritsa msonkho pa minyanga yotuluka m'dziko, popeza linalibe njira zambiri zopezera ndalama. Malonda sanathe, anangosanduka ozembetsa. Zombo zinayamba kuoloka usiku ndi kubisala m'magombe acinsinsi. Cimene cinathandiza ozembetsa ndi cakuti Apwitikizi, ngakhale anapatsidwa gombe la kum'mawa, analibe asilikali kumeneko kwa zaka zingapo. Mfumu Mataka ya Ayao inadzilamulira yokha mpaka 1912, ndipo mfuti ndi onga zinkafika kwa iyo kucokera ku madoko a ku nyanja ya mcere.

Kulimbana ndi zombozi kunali kwa mwazi. Mu December 1891 Kaputeni Cecil Maguire anaphedwa pamene anapita kukaononga zombo za mfumu Makanjira. Mu 1893 Britain inaika pa nyanja sitima ziwiri za nkhondo, Pioneer ndi Adventure, zimene zinabwera m'zidutswa ndi kulumikizidwa konko. M'caka comweco Ajeremani nawonso anaika sitima yawo, Hermann von Wissmann, imene inagulidwa ndi ndalama za bungwe lolimbana ndi ukapolo. Pofika 1895 Makanjira anali atathamangitsidwa, ufumu wa Jumbe unali utathetsedwa, ndipo Mlozi wa ku Karonga anapacikidwa mu December caka cimeneco. Likoma, pokhala pakati pa njira za zombozi, anakhala pothawira akapolo opulumuka ndiponso malo omvera mbiri ya zocitika pa gombe lonse, cifukwa sitima ya mishoni inkayendera midzi ya m'mphepete nthawi zonse.

Ukapolo utatha, kuzembetsa kunatenga nkhope ina. Boma la Portugal linapereka cigawo cacikulu ca kumpoto kwa Mozambique kwa kampani yochedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929. Kampaniyi inatsegula malo ake ku Metangula, kum'mwera kwa Cobué, ndipo phindu lake linkacokera ku msonkho wa nyumba, msonkho wa katundu ndi nchito yokakamiza ya cibalo. Olephera kulipira ankamenyedwa ndi mbalamatodya, ndipo akazi ankagwidwa ngati cikole kufikira amuna awo atapereka ndalama. Anthu zikwizikwi anathawira ku Nyasaland. Kwa a m'mphepete mwa nyanja, njira yapafupi inali bwato la usiku lopita ku Likoma, kumene ambiri anali ndi abale.

Apa ndi pamene liwu lakuti kuzembetsa limavuta. Anthu a pa Likoma ndi a ku Cobué ndi amodzi: cilankhulo cimodzi, maukwati amodzi, mpingo umodzi. Mabanja a pa cisumbu anali ndi minda kutsidya. Mishoni yomwe inali ndi machalichi ndi masukulu mbali zonse ziwiri. Messumba, kufupi ndi Metangula, anali amodzi mwa malo ake aakulu, ndipo sukulu ya aphunzitsi ya St Michael inayambira ku Cobué isanasamutsidwire pa Likoma. Munthu wonyamula thumba la cimanga kucokera kumunda wa amalume ake sankadziona ngati wolakwa, koma kwa wa kasitomu anali atadutsa malire a maufumu awiri a ku Ulaya osalipira. Nsomba zouma zinkapita kumtunda, nkhuni ndi ufa zinkabwera ku cisumbu, ndipo nsalu, mcere ndi sopo zinkatsata mbali imene mtengo unali wabwino. Omvera amene amadziwa za unga wodutsa pa Kasumbalesa kapena shuga wa pa malire a Mwami sangadabwe nazo.

Panalinso cinthu cina codabwitsa. Malinga ndi pangano la 1891, malire ankatsata gombe lenilenilo. Apwitikizi anali ndi mtunda, koma madzi anali a Britain. Msodzi wa ku Cobué akangokankhira bwato lake m'madzi, pa lamulo anali atatuluka m'dziko lake. Boma la Portugal silikanatha kulondera nyanja imene siinali yake, ndipo la Nyasaland linalibe sitima zokwanira kulondera gombe lalitali cotero.

Nkhondo ya 1914

Pa Likoma panalibe linga kapena gulu la asilikali loteteza cisumbu. Citetezo cake cinali pa funso limodzi: ndani ali ndi sitima ya mfuti pa nyanja. Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba mu August 1914, gombe la kumpoto cakum'mawa linali la Ajeremani, ndipo Hermann von Wissmann ikanatha kutsitsa asilikali paliponse, kuphatikizapo pa Likoma.

Bwanamkubwa George Smith analamula kuti sitimayo iwonongedwe. Nchitoyi inapatsidwa kwa Kaputeni Edmund Rhoades wa sitima ya boma yochedwa Guendolen, imene inali pamadzi kuyambira 1899. Pakati pa mwezi wa August, Rhoades anapeza sitima ya Ajeremani itakwezedwa pamtunda kuti ikonzedwe, pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, makilomita ngati 100 kumpoto kwa Likoma. Anaiombera ndi mzinga wake umodzi. Kaputeni wa Cijeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades ndipo anali asanamve kuti nkhondo yayamba. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti anapalasa kabwato kupita ku Guendolen ali wokwiya, poganiza kuti mnzakeyo waledzera, ndipo anagwidwa pomwepo. Ambiri amati uku kunali kupambana koyamba kwa Britain pamadzi m'nkhondo imeneyi. Mu May 1915 asilikali a Britain anabwerera ku Sphinxhaven kukaonongeratu sitimayo.

Kucokera pamenepo nyanja yonse inakhala msewu wa Britain. Sitima za mishoni zinatengedwa ndi boma, ndipo Chauncy Maples, imene inamangidwa kuti ikhale chalichi ndi sukulu yoyandama, inanyamula asilikali ndi zida. Gulu la nkhondo la Edward Northey, limene munali asilikali a ku Nyasaland ndi apolisi a ku Northern Rhodesia, linkalandira cakudya ndi zipolopolo kudzera pa nyanja, kenaka pa mitu ya amtengatenga, amene ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anaoloka mtsinje wa Rovuma kulowa mu Mozambique mu November 1917, anayenda kumeneko miyezi yambiri, nadzafika ku Northern Rhodesia. Anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anapereka zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 November 1918. Nkhondo inazungulira nyanja, koma pa Likoma siinaponde.

Malire asamukira pakati pa nyanja

Kuyambira 1953 mpaka 1963, Likoma ndi Lusaka anali pansi pa boma limodzi la citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo nkhani za asilikali ndi za kasitomu zinkayendetsedwa kucokera ku Salisbury. M'nyengo imeneyi, mu November 1954, Britain ndi Portugal anasainirana pangano latsopano ku Lisbon. Malire anacotsedwa pa gombe ndi kuikidwa pakati pa nyanja. Britain inasunga Likoma ndi Chizumulu pamodzi ndi madzi a mtunda wa mamailosi awiri kuzungulira cisumbu ciliconse, ndipo pamene mpata wa pakati pa Likoma ndi mtunda ndi wopapatiza, madzi anagawidwa pakati. Ndi panganoli limene linasiya zisumbuzi mkati mwa madzi a Mozambique, ndipo Malawi analandira malire omwewo pa ufulu wake pa 6 July 1964.

Patangopita miyezi yocepa, panganolo linaonetsa kulemera kwake. Pa 25 September 1964 gulu la FRELIMO linayamba nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique, ndipo Cobué anali amodzi mwa malo oyamba kuukiridwa. Popeza tsopano madzi anali awo, Apwitikizi anamanga malo a asilikali a pamadzi ku Metangula. Maboti awo a nkhondo anabwera kucokera ku nyanja ya mcere pa njanji, kenaka pa magalimoto aakulu mpaka ku Meponda. Nchito yawo inali kutseka njira ya mabwato amene ankanyamula zida ndi omenya nkhondo kucokera ku Tanzania kutsata gombe. Midzi yambiri ya m'mphepete inatenthedwa kapena kusamutsidwira m'midzi yolonderedwa, ndipo mu 1965 anthu zikwi zingapo anathawira pa Likoma, cisumbu cimene cinkalephera kale kudyetsa eni ake. Wansembe wa ku Messumba, John Paul, analemba zimene anaona m'buku la Mozambique: Memoirs of a Revolution, limene linatuluka mu 1975.

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linasankha kugwirizana ndi Portugal, mosiyana ndi Zambia ndi Tanzania amene ankathandiza FRELIMO. Malawi ankadalira njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo Dr Banda ankaopa kuti nduna zimene zinathawa pa mkangano wa 1964 zidzabwera ndi nkhondo kudzera pa nyanja. Mu 1968 ananena poyera kuti malire enieni a Malawi amafika m'madera ena a Tanzania, Mozambique ndi kum'mawa kwa Zambia, mau amene anakwiyitsa Dr Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere. M'zaka zomwezo Portugal inapatsa Malawi maboti olondera, ndipo limodzi linachedwa John Chilembwe, dzina la m'busa amene anaukira atsamunda mu 1915. Ankayendetsedwa ndi a Malawi Young Pioneers mothandizidwa ndi akatswiri a Cipwitikizi. Conco anthu a pa Likoma ankasunga abale awo othawa asilikali a Portugal, pamene boma lawo linkalondera nyanja mogwirizana ndi asilikali omwewo.

Mozambique analandira ufulu pa 25 June 1975, koma nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO inabweretsanso othawa. Malawi yense anasunga anthu pafupi-fupi miliyoni imodzi, ndipo Likoma analandira gawo lake. Cobué anasanduka bwinja. Chalichi ndi sukulu ya Akatolika kumeneko zinatsala makoma okha. Anthu anayamba kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992.

Boma lifika pa cisumbu

Kwa zaka zambiri Likoma ankalamulidwa kucokera ku Nkhata Bay, ndipo anakhala boma pa yekha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, patapita zaka zoposa 100 cifikire amishoni. Ndi boma locepa koposa onse m'Malawi, ndipo mfumu yake yaikulu ndi Mkumpha. Asilikali a pamadzi a Malawi ali ndi likulu lawo ku Monkey Bay, kum'mwera kwenikweni kwa nyanja.

Cimene calumikiza cisumbuci ndi dziko lake ndi sitima ya Ilala, imene inamangidwa ku Scotland, inalumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba kuyenda mu 1951, patapita zaka zisanu sitima ya Vipya itamira ndi anthu 145. Kwa zaka zopitirira 70 yakhala ikubweretsa cimanga, simenti, mafuta ndi makalata, ndi kutenga matumba a usipa. Nthawi zimene yaima kuti ikonzedwe, mitengo ya zinthu pa cisumbu yakhala ikukwera, ndipo anthu akhala akudalira kwambiri mabwato ndi zombo za matanga zopita kutsidya.

Mkangano wa malire a nyanja umene unabukanso pakati pa Malawi ndi Tanzania mu 2012, pa nkhani yofufuza mafuta, ukukhudza cigawo ca kumpoto. Likoma ndi Chizumulu mulibe m'mkanganowo, cifukwa Mozambique amavomereza pangano la 1954. Pa Likoma pali ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo mlendo wopita ku Cobué amadinditsa pasipoti yake asanakwere bwato lomwelo limene pobwerera limanyamula nkhuni ndi ufa.